Khutu Limene Linavulala Linali Lamanzere

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti Vincent van Gogh, mmisiri wojambula wa ku Netherlands uja, amene anadzijambula atamangidwa bandeji kumutu, anadzicheka khutu lamanja chifukwa ndi mmene zimaonekera pachithunzicho. Zimenezi si zoona. Khutu limene anadzivulaza ku Arles, m'dziko la France, mu Disembala 1888 linali lamanzere, koma pojambula chithunzicho mu Januwale 1889, atangotuluka m'chipatala, ankadziyang'ana pagalasi, ndipo galasi limatembenuza mbali. Mukaima pagalasi n'kugwira khutu lanu lamanzere, mudzionera nokha.

Chimene chimandikhudza n'kudekha kwa nkhope yake, ya munthu wofunitsitsa kubwerera kuntchito atadwala. Chonde, musanauze ena nkhani yoteroyo, yambani mwafufuza m'mabuku ofotokoza mbiri yake.