TB yosamva mankhwala sinapangidwe mu labotale

Pa msika wa Kapata kuno ku Chipata ndinamva amayi ena ogulitsa chibwabwa akuuza anzawo kuti asayansi akusintha dala tizilombo ta TB kuti tisamamve mankhwala. Akuti anaziona pa WhatsApp. Zinandiwawa mumtima, chifukwa mphekesera yotere imathawitsa wodwala kuchipatala.

N'zoona kuti asayansi amagwira majini (genes) a mabakiteriya monga a TB, koma cholinga n'china. Jini ndi malangizo amene kachilombo kamatsata kuti kakhale ndi moyo. Mu 2012 asayansi Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anasonyeza kuti CRISPR, chida chimene mabakiteriya eniake amadzitetezera nacho ku mavairasi, chingadule DNA, ulusi umene majini amalembedwamo, pamalo amene munthu wasankha. Mu 2013 kunabwera mtundu wina wa CRISPR wotchedwa CRISPRi, imene sidula kanthu. Imangokhala pa jini n'kuitseka, monga mlimi wa kudimba atsekera ngalande ndi dothi n'kuona mzere umene ufote. Asayansi akatseka jini ina, kachilombo ka TB n'kufa m'mbale ya mu labotale, ndiye kuti apeza pofooka pamene mankhwala atsopano angalase.

Nanga TB yosamva mankhwala imachokera kuti? Tizilombo timasintha tokha tikamaswana. Munthu akamwa mankhwala miyezi iwiri, chifuwa n'kuchepa, iye n'kusiya osamaliza miyezi 6, totsala tolimba tija timachulukana n'kufalikira kwa apabanja. Ndipo makina a GeneXpert oyeza makhololo amangowerenga majini a kachilombo kuti adokotala adziwe ngati mankhwala a TB otchedwa rifampicin agwira ntchito. Sakhudza thupi lanu n'komwe.