Chifukwa chake ku Angónia mtima umagunda mwana akalembedwa usilikali

Kumapeto kwa 2023 nyumba ya malamulo ya Mozambique ku Maputo inavomereza kuti usilikali wokakamiza ukhale wa zaka zisanu m'malo mwa ziwiri, ndipo mkangano wakale unadzukanso kuno ku Tete. Januwale akafika, nthawi yolembetsa achinyamata a zaka 18, timamva mawu omwe aja akuti anthu a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Moatize sakonda asilikali awo, pamene anzawo akufera dziko pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga m'chigawo cha Cabo Delgado chiyambire Okutobala 2017. Onena zimenezi amaiwala kumene kukayika kumeneku kunachokera.

Za mantha tizichotse kaye. Dzina loti Angónia ndi la Angoni a Maseko amene anamanga pansi pa phiri la Domwe, ndipo mpaka lero ngoma timavina chishango chili m'manja. Pamene Frelimo, gulu lomenyera ufulu wa dziko, inatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu Malichi 1968, Apwitikizi ali kalikiliki kukonzekera damu la Cahora Bassa, anthu wamba ndiwo ankasinja ufa wa omenyera ufulu ndi kuwasenzera katundu usiku. Anthuwo analipira ndi moyo. Pa 16 Disembala 1972 makomando a Chipwitikizi anapha anthu ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kummwera kwa tauni ya Tete. Ansembe a ku Spain anatolera maina a ophedwa, Bambo Adrian Hastings anaulula nkhaniyo m'nyuzipepala ya The Times pa 10 Julayi 1973, koma boma la Portugal linakanitsitsa. Chiwerengero chimasiyana malinga ndi wolemba: ambiri amati pafupifupi 400, katswiri wa mbiri Mustafah Dhada anapeza maina 385. Nduna yaikulu ya Portugal ya pa nthawiyo, António Costa, inapepesa mu 2022. Masiku a nkhondo ya ufulu msilikali wa Frelimo anali mwana wa pakhomo.

Zinthu zinatembenuka ufulu utabwera mu 1975, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani. Mafumu analandidwa mphamvu, sukulu ndi zipatala za mishoni zinapita m'manja mwa boma, anthu anakusidwira m'midzi ya komunali kutali ndi minda ya makolo awo, ndipo kuyenda ulendo kunafuna chikalata cha guia de marcha. Renamo, oukira boma la Frelimo pa nkhondo ya pachiweniweni, amene anthu ankawatcha matsanga potsata dzina la mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa, inapeza mitima ili kale ndi mabala. Akuluakulu amene anaziona amafotokoza mofanana: usana abwera a boma kufunsa amene wadyetsa zigawenga, usiku abwera a m'tchire kufunsa amene waulula. Onsewo amathera pa nkhokwe ndi pa khola la mbuzi, potuluka atenga mnyamata woti asenze thumba la chimanga, mwina osabweranso.

Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu a mfuti anafika ku Chapotera, kufupi ndi mishoni ya Lifidzi, natenga ansembe awiri a Chijezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mbadwa ya ku Angónia konkuno, ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal. Mitembo yawo inapezeka patapita masiku. Awiriwa anakana kuthawa, anatsala ndi akhristu awo nkhondo ili pakati. Ena amaloza chala Renamo, ena amaloza anthu a mfuti a boma, ndipo Dayosizi ya Tete, imene inayambitsa ndondomeko yowaika m'gulu la oyera, imawatchula kuti ofera chikhulupiriro. Wa kumudzi anaphunzirapo chinthu chimodzi chowawa: ngati wansembe angatengedwe usiku popanda woyankha mlandu, mlimi wa kachewere angadalire yani?

Chaka chotsatira, 1986, nkhondo inakula ndipo midzi yambiri inatsala mabwinja. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu ndiwo malire, choncho kuthawa kunali kungowoloka phula, n'kumanga kanyumba ka udzu kwa achibale, munda wako ukuuona tsidya lija ukumera thengo. Dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi.

Mu 1988 Robert Gersony, wotumidwa ndi boma la America, anacheza ndi othawa pafupifupi 200 ndipo anapeza kuti nkhanza zochuluka zinachitidwa ndi Renamo, nayerekeza kuti inapha anthu wamba osachepera 100,000. Umboni umenewu ndi wolemera, sungakankhidwire pambali. Koma pa chisankho cha 1994 Angónia inavotera Renamo mwaunyinji, ndipo sindikhulupirira kuti anthu anachita zimenezo chifukwa chokonda matsanga. Ankakumbukiranso zimene a yunifolomu ya boma anawachita, zimene malipoti sanazilembe mokwanira.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 ndi pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama. Lamulo la chikhululukiro linatseka milandu yonse ya nkhondo, bungwe lofufuza choonadi silinakhazikitsidwe, anthu anabwerera n'kuyamba kulima.

Akanaiwala mwina, pakanapanda za 2015 ndi 2016. Mfuti zinaliranso ku Nkondezi m'boma la Moatize ndi ku Tsangano, ndipo anthu oposa 10,000 anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi. Ambiri anauza a bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch kuti amene anatentha nyumba ndi nkhokwe zawo anali asilikali a boma, powaganizira kuti akudyetsa Renamo. Akuluakulu a boma anakana. Othawawo anasamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno, kampu yomwe inasunga makolo awo pa nkhondo ya pachiweniweni ija; kampuyi inatsekedwa mu 2007 n'kutsegulidwanso chifukwa cha iwo.