Feteleza wa SA akalowa m'madzi, nsomba zimavutika bwanji?

Ndagwira ntchito ya ulangizi wa nsomba kwa zaka ndithu, ndiye funso lomwe limabwerabwera ndi loti bwanji nsomba zanga dzulo zinali bwinobwino koma lero zikuyandama kukamwa kuli yasa? Mlimi wina cha ku Lunzu anandiitana akulumbira kuti wina wamuthirira mankhwala m'damu mwake chifukwa cha nsanje. Titafika tinapeza dimba la mpiru pamwamba penipeni pa damulo, dzulo lake anathira SA, kenako mvula inagwa yamphamvu. Matumba a fetelezayo anawachapiranso momwemo. Palibe amene anamulodza bamboyo.

SA uja, dzina lake lonse ndi ammonium sulphate, muli nayitirojeni 21 pa 100 ndi salufa 24 pa 100. Ndi feteleza wabwino, sindikumunyoza ayi, masamba amabiriwira mwachangu. Vuto ndi loti amasungunuka msanga ngati mchere, nde akangofika m'madzi amatulutsa amoniyamu. Amoniyamuyu payekha si woopsa kwambiri, koma mbali ina amasanduka amoniya, ameneyo ndiye wakupha, amalowa m'thupi la nsomba kudzera m'makha muja imapumira.

Apa ndi pomwe ambiri samvetsa. Kuchuluka kwa amoniya kumadalira pH ya madzi (muyezo wa asidi, nambala ikamakwera ndiye kuti asidi akuchepa) komanso kutentha. Madzi akakhala pa pH 7, gawo lomwe lili amoniya silifika ngakhale 1 pa 100, koma akafika pa pH 9 madzi ali ofunda limadutsa 30 pa 100, feteleza ndi yemweyo, muyezo womwewo. Ndiye damu lobiriwira ndi ndere, masana dzuwa likawomba ngati la mu Okutobala, pH imakwera yokha chifukwa ndere zija zikuyamwa mpweya wa kaboni m'madzi. Mmawa nsomba zimaoneka zamphamvu, pofika 3 koloko zayamba kupenga, kuzungulira, kusiya kudya. Komanso nsomba nayo imatulutsa amoniya wa m'thupi mwake kudzera m'makha momwemo, nde kunja akachuluka wa mkati amalephera kutuluka, imafa ndi zoipa zake zomwe. Ana a nsomba ndi amene amayamba kufa. Mlamba umapirirako, koma makumba ndi chilunguni musaziyese dala.

Tizilombo tosaoneka ndi maso natonso tili m'nkhaniyi. Pali mabakiteriya, monga Nitrosomonas ndi Nitrobacter, omwe amasintha amoniyamu kukhala nayitiraiti kenako nayitireti. Ntchito yabwino, koma amadya okosijeni wambiri poigwira, kuposa magalamu 4 pa galamu imodzi ya nayitirojeni, ndiye m'bandakucha mupeza nsomba zonse zili pamwamba kupumira m'mwamba. Nayitiraiti uja akaunjikana magazi a nsomba amasanduka ofiirira ndipo sanyamulanso mpweya bwino.

Kumunda nako ntchito yomweyo ya mabakiteriya imasiya asidi m'nthaka, ndipo SA amawawasitsa nthaka kuposa Urea. Mukamathira chaka ndi chaka malo amodzimodzi opanda manyowa, nyongolotsi zimasowa, ndipo tizilombo tija timakhala m'timatuza ta kumizu ya nyemba, soya ndi mtedza timafooka. Kenako mlimi amati feteleza wa masiku ano ndi wabodza, chonsecho ndi nthaka yatopa.

Zimandiwawa ndikamayenda m'mbali mwa mitsinje ya Mudi, Likhubula kapena Lunzu ndikuona madimba afika mpaka m'madzi, osasiya ndi kaudzu komwe. Ndikudziwa anthu akusaka ndiwo ndi ya sopo, moyo wa mutauni muno si wamasewera. Koma madzi amenewa amakathera mu Shire, komwe namasupuni amasangalala ndi chakudya chaulere chotere.

Zoti muchite si zodula ayi. Fetelezayo kwirirani, osangomwaza pamwamba, ndipo mitambo ikada dikirani kaye. Pakati pa dimba ndi madzi siyani mpata wa udzu, vetiva amagwira bwino kwambiri, komanso kumbani kangalande kopatutsa madzi a mvula asalowe m'damu. Matumba, makheni ndi mabigiri a feteleza chapirani kutali, madziwo muthire pa mbewu. Ndipo chonde musasakanize SA ndi laimu kapena phulusa, amoniya amathawa ngati mpweya, ndalama zanu zapita.

Ngati walowa kale m'damu, siyani kudyetsa nsomba tsiku limenelo, musathire manyowa kapena laimu, tulutsani gawo la madzi ndikulowetsa atsopano pang'onopang'ono. Bambo wa ku Lunzu uja tinachita zomwezo mpaka usiku, zazikulu zambiri zinapulumuka koma tiana tomwe anali atangogula kumene tinapita tonse.