Konkire si mwala ayi, mchere umalowa ndithu

Anthu ambiri amaganiza kuti mlatho wa konkire ukaoneka wosalala pamwamba ndiye kuti uli bhobho, koma ayi ndithu. Konkire imakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Kumayiko ozizira ngati Canada amathira mchere pamsewu kuti sinowo isungunuke, madzi amcherewo amalowa pang'onopang'ono mpaka kufika pazitsulo zamkati, zitsulozo zimachita dzimbiri, dzimbiri nkufufuma kenaka konkire nkuyamba kung'ambikira mkati pamwamba pakuonekabe bwinobwino. Mlatho wa Champlain ku Montreal unatsegulidwa mu 1962, pofika 2019 anautseka atamanga wina, mchere utaudya.

Ndiye amadziwa bwanji osaphwanya? Njira yakale ndi kukoka tcheni pamwamba, pomwe pafufuma mkati pamalira ngati ng'oma. Ena amayendetsa radar, chipangizo chotumiza siginolo mkati mwa konkire, malo onyowa amchere amameza siginoloyo ndiye imabwerako yofooka. Palinso kachipangizo koyeza mphamvu ya magetsi pazitsulozo kuti aone pomwe dzimbiri likuyenda.

Koma apa mpomwe ena amasokoneza: radar siwerenga kuchuluka kwa mchere ayi, imangoloza pokayikitsa. Kuti adziwe mlingo wake mainjiniya amabowolabe timabowo pang'ono, fumbi lake nkupita nalo ku labu.