Mabakiteriya opangira feteleza wa mkodzo sakubwera kudzatidwalitsa

Uthenga uja wayambanso kuzungulira m'magulu a WhatsApp. Akuti feteleza wopangidwa kuchokera ku mkodzo amathiramo tizilombo tosafa ngakhale mu asidi, ndiye akuti tikalowa m'thupi timawononga chifu.

Zimenezo n'zabodza. Tizilomboti tilipodi, koma chakudya chake ndi amoniya, osati thupi la munthu. Mkodzo ukakhalitsa, yuriya amasanduka amoniya ndipo pH (muyeso wa asidi, womwe umatsika asidi akachuluka) imakwera kufika cha m'ma 9. Mabakiteriya ena amasandutsa amoniyayo kukhala nayitiraiti, ena n'kumalizitsa kukhala nayitireti, yemwe mbewu zimamwa. Ntchitoyi imatsitsa pH.

Vuto lenileni amaliona ndi oyendetsa matanki opangira fetelezayu. Mabakiteriya wamba monga Nitrosomonas amafooka pH ikatsika pansi pa 6, koma opirira asidiwa amapitirizabe mpaka pH kutsika pansi pa 3. Zikatero mu tanki mumatuluka mpweya woipa ndipo nayitirojeni amatayika. N'chifukwa chake amayeza pH nthawi zonse.

Mukalandira uthenga wotere, funsani: tizilomboto dzina lake ndani? Anayeza ndani, liti? Ngati palibe yankho, chonde musautumizenso kwa anzanu.