Ring beam, zitsulo ndi waya wa denga: mafunso a womangitsa nyumba

Chivomezi chitagwetsa nyumba zambiri ku Karonga mu Disembala 2009, boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba m'chaka cha 2010. Mafunso awa amabwera mwini nyumba akangomva mtengo wa zitsulo.

Njerwa zanga n'zootcha bwino. Ring beam ndi yachiyaninso?

Njerwa ndi konkire zimapirira zikamapsinjidwa, koma zikamakokedwa zimang'aluka msanga. Mphamvu ya konkire pokokedwa ndi pafupifupi gawo limodzi chabe mwa magawo 10 a mphamvu yake popsinjidwa. Tsono chivomezi chimagwedezera nyumba uku ndi uku, makoma n'kuyamba kusiyana m'makona. Ring beam ndi lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo m'kati, wozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mazenera, kuti makoma agwirane. Zitsulozo ndizo zimalimbana ndi kukokako. Pakona zipindidwe n'kupitirira, zisadukire pomwepo. Amisiri ena amazidulira pakona kuti aweruke msanga, ndiye tsiku lothira konkire musatume mwana, kaimenipo nokha.

Pamwamba pa chitseko zitsulo zikhale pati?

Pondani thabwa lowolokera pangalande muone: pamwamba limafinyika, kunsi limatambasuka. Konkire wa pachitseko amateronso, choncho zitsulo zisasowe chakunsi. Koma zisagone pathabwa lothirirapo. Konkire azikute mbali zonse, apo ayi dzimbiri lizidya.

Denga langa n'lokhoma bwino, lingauluke bwanji?

Mphepo ikamadutsa pamalata imawayamwira m'mwamba, ikalowa pazenera imawakankhanso kuchokera m'kati. Misomali yagwira malata kumapaso, nanga mapasowo agwira chiyani? Amangeni ndi waya wokhuthala wozikika mu ring beam. Zosanjika miyala ndi matayala padenga zija n'zongodzitonthoza.

Simenti yadula. Ndingamangire dothi?

Dothi likamwa madzi limafewa, khoma n'kukhala pansi. Tinaziona m'chigawo cha kummwera pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ngati matumba ndi ochepa, simenti iyambire kumaziko. Akwezeni, yalanipo pepala la pulasitiki kuti chinyontho chisakwere, ndipo denga litulukire kunja kuti mvula isamamenye khoma.

Konkire athiriridwe mpaka liti?

Masiku osachepera 7, m'mawa ndi madzulo. Amafika pa mphamvu yomwe akatswiri amawerengera pakatha masiku 28.