Nambala ikalowa m'malo mwa x, ivekeni mabulaketi

Ana ambiri a sekondale kuno ku Mangochi BODMAS, dongosolo la zoyamba ndi zotsatira powerengera masamu, amaidziwa pamtima. Koma apatseni polynomial ngati 2x² − 5x + 7, muwauze kuti x ndi −3, mumva ena akuti 4, ena 58, pomwe yankho ndi 40. Sikuti mitu yawo sigwira ayi. Zinthu zimasokonekera pamzere woyamba penipeni, nambala ikamalowa m'malo mwa chilembo.

Mzere woyambawo uzikhala wotere: 2(−3)² − 5(−3) + 7. Paliponse pamene panali x, nambala ilowe itavala mabulaketi. Mukatero yambani ndi pawa: (−3)² ndi −3 kuchulukitsa ndi −3, mupeza 9. Kenako kuchulukitsa: 2 × 9 ndi 18, ndipo −5 × −3 ndi +15, chifukwa mainasi awiri akachulukitsana amabala pulasi. Kuphatikiza kumabwera pomaliza: 18 + 15 + 7 = 40.

Nanga 4 uja amachokera kuti? Mwana amalemba −3² wopanda mabulaketi. Zikatero ka 2 kam'mwambako kamagwira 3 yekha, mainasi n'kutsala panja, ndiye pamatuluka −9. Kakyuleta ya sayansi, ngakhale ya Casio yomwe ambiri amaidalira, imaperekanso −9 yemweyo. Musainene, yangochita zomwe mwaiuza. Wa 58 ndi wopupuluma: wayamba wachulukitsa 2 ndi −3, n'kupeza −6, kenako sikweya yake 36. Chonsecho mu 2x² pawa ndi ya x yekha, 2 akungodikira.

BODMAS nayonso imapusitsa. Poti D (kugawa) ali patsogolo pa M (kuchulukitsa), ndipo A (kuphatikiza) patsogolo pa S (kuchotsera), ena amaganiza kuti kumeneko n'kukula. Ayi ndithu. Kugawa ndi kuchulukitsa n'zofanana mphamvu, mumangoyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Chimodzimodzinso kuphatikiza ndi kuchotsera. Choncho 10 − 3 + 2 ndi 9, osati 5.

Kuti muone kuti dongosololi si longopeka, taganizirani thandala loanikira usipa kunyanja, lomwe mulitali mwake mukuposa mulifupi ndi mamita 3. Mulifupi akakhala x, malo oanikira ndi x² + 3x. Ngati x ndi 2, ndiye 4 + 6 = 10. Kaliyezeni ndi tepi: mamita 2 kuchulukitsa ndi mamita 5, 10 yemweyo. Wophatikiza asanachulukitse angapeze 14, thandala lomwe kulibe.

Pamayeso a MANEB njira imafunika ioneke, ndiye sitepe iliyonse ikhale pamzere wakewake. Nthawi ikatsala, tsimikizani yankho podzera kwina. 2x² − 5x + 7 ndi chimodzimodzi (2x − 5)x + 7. Ikani −3: mubulaketi mutuluka −11, kuchulukitsa ndi −3 ndi 33, kuwonjezera 7 ndi 40. Mayankho awiriwo akasiyana, kayambeni kufufuza pa mainasi.